Chitoliro cha kubusa: kodi tikulira chiyani kwenikweni?

Kodi ndi bwino kulakalaka kuti chinthu chokoma chibwerere, pamene chinthucho chinabadwira m'mavuto a munthu wina? Ndikunena za chitoliro, chija ankaimba anyamata oweta ng'ombe kwathu kuno ku Ntcheu.

Kwa inu amene munakulira m'tauni, chitoliro sichinali chogula. Umadula nsungwi yowongoka kapena bango lokhwima, kusiya mfundo mbali imodzi kuti ikhale chotsekera, n'kuyanika pamthunzi kuti isang'aluke. Kenako umaika msomali kapena waya pamoto mpaka kufiira, n'kuyamba kuboola: bowo louzirapo pafupi ndi mfundo paja, mabowo a zala cha kumunsi. Rula panalibe. Muyeso unali zala zako zomwe, n'chifukwa chake zitoliro ziwiri sizinkalira mofanana ngakhale zitadulidwa pa tsinde limodzi. Chachitali chimalira mawu aakulu, chachifupi chimalira nthetemya. Bowo ukalikulitsa kwambiri, basi, pita ukadule ina. Opupuluma ankangothyola phesi la tsamba la papaya, koma limenelo mawa lake limakhala litafota.

Masiku ano pa Facebook sipachedwa kutuluka wina wodandaula kuti chikhalidwe chikutha, ana a lero akungodziwa foni. Chisoni chimenecho ndili nacho nanenso. Koma taganizani: mnyamata uja nthawi yophunzirira chitoliro ankaipeza kuti? Kuti mlomo uzolowere, mpweya uleke kungofwereza n'kusanduka nyimbo, pamafunika masiku ambirimbiri opanda wokusokoneza. Iye anali nawo masikuwo chifukwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka amakhala kudambo, ku chigwa cha Bwanje kapena m'mapiri a ku Tsangano, ali ndi ng'ombe zomwe nthawi zina sizinali n'zakwawo komwe. Anzake nthawi imeneyo ali m'kalasi. Chitoliro chinali chomucheza munthu amene analibe womucheza.

Mu 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana owonjezera pafupifupi miliyoni imodzi anakhamukira kusukulu. Sindikunena kuti ndi sukulu yokha imene inatontholetsa chitoliro. Madambo ambiri analimidwa, akuba anatha makola ena, wailesi inabwera, kenako foni. Komabe m'zifukwa zonsezi muli chimodzi chimene munthu wabwinobwino sangadandaule nacho. Ndiye tikamati zakale zibwerere, tikufuna mwana wa yani abwerere kubusa? Amene timalira kwambiri zachikhalidwe pa intaneti, ana athu ndi aang'ono athu amakhala ali pasukulu, ena yolipira ndithu. Nyimbo tikuifuna, koma mtengo wake tikufuna alipire mwana wa eni.

Wina anganene kuti ingojambulani, musunge. Zimenezo zinachitikapo. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula nyimbo za m'midzi, ndipo zimene anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, pa Rhodes University ku South Africa. Ntchito yabwino, tisaname. Koma tepi siphunzitsa mlomo mmene ungapindikire pabowo, ndiponso siuza chala kuti apa tsekako theka. Nzeru imeneyo imakhala m'thupi, ndipo imadutsa pokhapokha wina ataimba, wina ali pambali akuyang'ana.

Ku Palestine kuli chitoliro chotchedwa shabbaba, nachonso cha oweta nkhosa ndi mbuzi. Chimakhala chotseguka mbali zonse, woimba amauzira m'mphepete mwa kamwa lake chopendeketsa, ndipo woyamba kumene amavutika kuti chingotulutsa mawu. Abusa a ziweto kumeneko akuchepa, malo odyetsera akulandidwa, koma chitolirocho chikumvekabe chifukwa chinali ndi ntchito yachiwiri: kutsogolera gule wa dabke pa maukwati, gule amene UNESCO inamulemba m'kaundula wa chikhalidwe cha dziko lonse mu 2023. Ena amachipanga ndi paipi ya chitsulo kapena ya pulasitiki, ndipo ovina saleka kuponda pansi ati chifukwa si bango.

Ifenso tili ndi chitsanzo chathu. Donald Kachamba wa ku Chileka, pamodzi ndi mkulu wake Daniel, ankaimba kwela ndi kachitoliro kachitsulo ka m'sitolo, nyimbo imene inakulira m'misewu ya Johannesburg. Gerhard Kubik anakumana nawo mu 1967, ndipo kachitoliro kaja kanakamveka mpaka ku Ulaya. Palibe amene amati Kachamba sanali wathu.

Chathu cha kubusachi vuto lake n'lakuti ntchito yachiwiriyo chinalibe. Ngoma ili ndi bwalo lake. Chaka ndi chaka anthu amasonkhana pa Umhlangano ku Nkolimbo, zishango ndi zibonga zili m'manja, pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani. Chitoliro bwalo lake linali dambo, omvera ake ng'ombe.

Kuona kwanga ndi uku. Ngati ndikuchifunadi chitoliro, mtengo wake ukhale wanga. Maola amene mnyamata uja ankawapereka mokakamizidwa, ine ndiwapereke mwakufuna, ndiwachotse pa amene ndimathera pa TikTok. Madala amene anaweta ng'ombe ali anyamata akadalipo m'midzimu, ndipo wopita kukaphunzira kwa iwo asapite chimanjamanja, poti sukulu yawo anailipira kale ndi ubwana wawo. Nsungwi ikasowa, paipi ya madzi ilipo. Chikalowa m'kwaya, mu situdiyo, kapena pa ukwati, ine sindidzati chaipitsidwa.

Pali chimodzi chokha chimene sindingadzinamize nacho. Chimene ndingaimbe ine pakhonde nditakhuta, foni ili pambali ikujambula, sichidzakhala chija chinkamveka kutsidya kwa mtsinje madzulo, choimbidwa ndi mwana wanjala amene sankadziwa n'komwe kuti wina akumva. Nyimbo imeneyo inkafuna kusungulumwa kwenikweni kuti ituluke. Ndikaona mwana wa yunifolomu akuthamangira belu ku Lizulu m'mawa wa June, manja ali m'khwapa chifukwa cha chisanu, sindingamupemphe kuti atembenuke akaitenge kudambo.