Kodi Nkoyenera Kusekera pa Njira Imene Ena Analirapo?

Tiyeni tisinkhesinkhe za mseu wina wa ku Amereka, dzina lace Route 66. Boma linaupatsa nambala imeneyi m'caka ca 1926. Unayambira ku mudzi waukuru wa Chicago, nupita kumadzulo kupyola zigawo 8 za dzikolo, nukafika ku Los Angeles. Ndipo m'1936 anauonjezera kufikira ku Santa Monica, m'mphepete mwa nyanja ya Pacific. Utali wace unaposa mamailosi 2,400. Masiku ano anthu amacokera ku Ulaya, ku Japan ndi kwina, nabwereka galimoto kapena njinga zamoto, nayenda mseuwo masabata awiri kapena atatu. Sapita kukafuna nchito, kapena kukazonda mbale wodwala, iai, angopita kukadyetsa maso. Ndipo funso limene landibvuta ine ndi ili: kodi nkoyenera munthu kusekera pa njira imene anzace analirapo?

Pakuti analirapo ndithu. Alimi a m'zidikha za Oklahoma, Texas ndi Kansas anagalauza udzu wacibadwire, umene mizu yace inagwira nthaka, kuti abzale tirigu. Pamene cirala cinadza m'zaka za m'ma 1930, nthaka inasanduka pfumbi, ndi mphepo inaliulutsa. Pa 14 April 1935 pfumbilo linaphimba dzuwa, usana nukhala ngati usiku. Ena anagwidwa ndi ngongole. Ena anali olima m'minda ya eni, ndipo eniwo atagula matirekita anawacotsa. Motero mabanja anasanjika zogonera, miphika, ana ndi nkhalamba pa galimoto zakutha, nalowera ku California kukachola zipatso ndi thonje. Kumeneko sanawalandira ndi manja awiri. M'1936 mkuru wa apolisi a ku Los Angeles anatuma anyamata ace ku malire a cigawo, kuti abweze amphawi onse opanda ndalama. John Steinbeck analemba za masauko amenewa m'buku lace la 1939, The Grapes of Wrath.

Anthu akuda anali ndi nsautso yaoyao. Angakhale anali nazo ndalama m'thumba, nyumba zambiri za alendo zinawakaniza pogona ndi cakudya, ndipo inalipo midzi yoletsa munthu wakuda kupezekamo dzuwa litalowa. Cifukwa cace Victor Green, wonyamula makalata wa ku New York, anayamba m'1936 kusindikiza kabuku, kochedwa Green Book, konena malo amene wakuda akhoza kugonapo osacititsidwa manyazi. Talingalirani, abale: bambo kuyendetsa galimoto usiku wonse, ana ali m'tulo kumbuyo, popeza palibe khomo limene angagogode. Lamulo loletsa tsankho lotere linadza m'1964.

Tsono yankho langa loyamba linali lakuti, Sikoyenera. Ife tikapita pafupi ndi manda timatsitsa mau, ndipo wobvina pamenepo timati alibe mwambo.

Koma nditaganizanso ndinaona kuti ndafulumira. Mseu si manda. Pa mseu womwewo anadzerapo asilikari obwerera kwao nkhondo itatha m'1945, ndi mabanja ambiri opita kokacheza ndi mtima wokondwa. Ndiponso aja anathawa pfumbi, anathawiranji? Si kuti ana ao adzakhute, nadzayende osaopa? Mdzukulu wao akadzera pomwepo lero ali wokhuta ndi woseka, sindiyesa kuti agogo acewo akadamkwiyira.

Palinso cina cimene cinanditembenuza koposa. M'1956 President Eisenhower anabvomereza lamulo lomanga miseu yatsopano, yotakata ndi yoongoka, yolambalala midzi ing'onoing'ono. Galimoto zinaleka kuima. Masitolo ndi nyumba zodyera zinatsekedwa. Mudzi wa Seligman ku Arizona unalambalalidwa m'1978, wa Williams m'1984, ndipo m'1985 Boma linafafaniza Route 66 m'kaundula wa miseu yace. Pamenepo wometa tsitsi wa ku Seligman, Angel Delgadillo, anasonkhanitsa anzace m'1987, napanga bungwe lopempha kuti mseu wakalewo usungidwe monga cikumbutso. Iwo ndiwo anaitana alendo. Mlendo akaima, nagula cakudya, nalipira pogona, mwana wa m'mudzimo sasowa cobvala. Ndine yani ine kuti ndidzudzule mlendo amene mwini mudzi wamuitana yekha?

Komabe mtima wanga sunakhazikike konse. Akuru anati, Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Iye aona cimene amuonetsa, ndipo wogulitsa aonetsa cimene cigulika: nyali zamitundumitundu, galimoto zakale zopukutidwa bwino, zikwangwani za nambala 66. Njala sigulika, manyazi a kukanizidwa pakhomo sagulika. Potero mbiri imasefedwa pang'onopang'ono, popanda munthu wonena bodza ndi pakamwa pace, kufikira mlendo abwerera kwao ali kuyesa kuti masiku akalewo anali okoma kwa onse. Apa ndipo ndipeza colakwa, ndipo ndiyesa kuti cigawanika pakati pa woonetsa ndi woonerera. Koma gawo lalikuru ndiliika pa woonerera, pakuti wogulitsa afuna nsima ya ana ace, pamene mlendo ali nayo nthawi ndi ndalama, ndipo kufunsa sikumtayitsa kanthu.

Wina adzati, Kodi munthu wopita kokapuma asenze maliro a anthu osawadziwa? Sinditi alire njira yonse; cisoni cocita kukakamiza ndico cinyengo cina. Ndingoti apatuke pang'ono. Pafupi ndi mudzi wa Luther, ku Oklahoma, iripo kanyumba ka miyala, kochedwa Threatt Filling Station, ka banja la anthu akuda, kumene apaulendo akuda anali kugula petulo ndi kupuma mopanda mantha m'masiku aja a tsankho. Kali m'mbali mwa mseu womwewo, ndipo woyendetsa galimoto mwaliwiro akhoza kukapitirira osakaona.