Za Mantha Obisala m'Changu cha Chipembedzo

Funso ili litisautsa: nchifukwa ninji ena a ife opemphera, tikamva za mwamuna wokondana ndi mwamuna mnzake, kapena mkazi ndi mkazi mnzake, mtima utiwira kufikira kufuna kuti amangidwe, pamene za wakuba ndi woledzera tikamba mofatsa?

M'chaka cha 1992 aphunzitsi awiri a ku Canada, Bob Altemeyer ndi Bruce Hunsberger, anafunsa anthu ambiri za chipembedzo chawo. Anapeza kuti iwo akunena kuti choonadi chonse chili kwa iwo okha, osalola funso ngakhale limodzi, ndiwo anaposa anzawo kudana nawo anthu otere. Pambuyo pake Hunsberger anapeza zomwezo mwa Asilamu, Ayuda ndi Ahindu. Tsono muzu wake suli m'buku limodzi iyayi, koma m'magwiridwe ake a buku.

Nanga chomgwiritsa munthu mwaukali wotere nchiyani? Tiyambe ndi khanda. Mu 1954 Mary Ainsworth anafika ku Uganda, napenyetsetsa amayi ndi makanda awo m'midzi. Anaona chimene agogo athu achidziwa kale: mwana wokhulupirira kuti amake sadzamsiya amatsika kumsana, nakwawa kukaona zili pabwalo, koma wokayika amake amakakamira nsalu, nalira ngakhale ali m'manja. Mtima umenewu umakula ndi munthu. Mu 2001 Mario Mikulincer ndi Phillip Shaver anayesa ophunzira a ku Israel: atawakumbutsa chabe za kukondedwa ndi kuthandizidwa pa tsoka, anaona kuti kuipidwa kwawo ndi Aarabu, ndi alendo ochokera ku Russia, ndiponso ndi okondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, kunachepa.

Sitinena kuti yense wosunga chiphunzitso cha mpingo wake pa za ukwati ali wamantha. Alipo ambiri ochisunga, nadyabe nsima mbale imodzi ndi mwana wawo wotere. Tinena za iye amene ayesa Mulungu ngati kholo lokhoza kumchokera tsiku lililonse. Wotereyo aona mnzake wosiyana naye ngati moto woyandikira nkhokwe, ndipo ukali wake autcha changu.

Ife ophunzitsa kalasi tili nayo mbali m'menemu, pakuti mwana wodza kwa ife ayamba kumva kamvekedwe ka mawu athu asanaloweze yankho loyamba la katekisimu, ndipo kamvekedweko akayesa ka Mulungu.