Khutba ya Lachisanu: Mtima Wosadziwa za Mawa

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mwini thambo ndi nthaka. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, ambiri mwa ife kuno ku Amaramba tulo sitikutiona. Mu 2023 namondwe wa Freddy anamiza minda. Chaka chotsatira dzuwa linapsereza chimanga chisanabereke. Lero mtambo ukachita bii, sitidziwa ngati tikondwe kapena tiope. Mlimi wa nandolo amagona akulingalira mtengo umene umadalira ogula a ku India, dziko limene sanalipondepo. Mayi amene mwana wake ali ku Joni, foni ikalira usiku, mtima umayamba wagunda asanaiyankhe.

Nkhawa yotere si kuchepa kwa imani. Mneneri Yaqub (alayhi salaam) analira mpaka maso ake anayera chifukwa cha Yusuf, amene anasowa zaka zambiri. Madandaulo ake ankawatula kwa Allah, ndipo anatumabe ana ake kuti akafufuze. Chimene tikuopa ife ndi komwe nkhawa imamuthamangitsira munthu: kwa woombeza ula, kuti akamuuze za mawa. Zobisika amazidziwa ndi Allah yekha. Woombezayo adzadya nkhuku yanu, chikhalirecho naye sadziwa ngati mvula igwa pamunda pake.

Taonani Yusuf. Atadziwa kuti zaka zisanu ndi ziwiri za chilala zikudza, analangiza kuti tirigu asungidwe m'ngala zake. Ife tikakolola timathamangira kugulitsa chimanga motchipa, mu Januwale nkukachigulanso modula, kenako nkumati ndi qadar. Ayi, abale. Siyani china m'nkhokwe. Dzalani chinangwa ndi mapira pambali pa chimanga, ndipo amene ali ndi dimba kufupi ndi nyanja asaligoneke. Munthu wina atafunsa ngati angoisiya ngamira yake nkuyedzamira kwa Allah, Mtumiki (swallallahu alayhi wasallam) anamulamula kuimanga kaye. Msodzi naye ayambe wamata bwato lake.

Zikatha zimene manja angathe, zotsalazo si katundu wathu. Tikadzidzimuka pakati pa usiku, tichite wudhu, tiswali marakaa awiri. Kukacha tikazonde mnansi amene nkhokwe yake yatha, pakuti nayenso sanagone.

E, Allah! Tipatseni mvula yamadalitso yosaononga, tisungireni ana athu ali kutali, ndipo khazikani pansi mitima yathu. Aamiin.