Nkhanga Zidapangana Kusanapse

Amene adakwerapo chitunda cha Chikwawa mwezi wa Okutobala akudziwa zimene ndikunena. Ukangodutsa pa Thabwa n'kuyamba kukhotakhota kulowera ku Blantyre, sulephera kupeza pikapu itaima pambali, boneti ili yasa, nthunzi ili tolotolo, dalaivala manja ali m'chiuno, mnyamata wake akutsetsereka ndi chigubu kukasaka madzi. Ukafunsa, yankho ndi limodzi: "Yangowira mwadzidzidzi, madala." Ine ndakalamba ndi sipanala m'manja, ndipo ndikuti limenelo ndi bodza. Injini imayamba yadandaula kwa milungu ingapo, koma mwini wake amakhala ali kalikiliki kuwerenga za matola.

Makolo adati nkhanga zidapangana kusanapse. Zidadziwa kuti tchire likayaka sipakhalanso mpata wa msonkhano. Injini ya dizilo nayo ndi tchire losachedwa kuyaka. Ilibe mapulagi oyatsira mafuta monga ya petulo. Imafinya mpweya mpaka utatentha koti dizilo akangofika amayaka yekha. Moto umenewo uli mkati tsiku lonse, ndipo chouletsa kuwononga chitsulo ndi madzi ochepa chabe ozungulira pakati pa injini ndi rediyeta.

Mphwanga wina adagula Hilux yakale yonyamulira thonje ndi mbuzi kuchigwa. Madzi ankathira a pamjigo m'mawa uliwonse, osadzifunsa kuti adzulo apita kuti. Nditamufunsa adaseka, amvekere: "Amalume, madzi ngaulere." Ndidamuuza kuti ayang'ane mkati mwa ketulo ya amayi ake. Choyera chimene chimamatirira m'ketulo ndicho chimamatiriranso m'timachubu ta rediyeta, ndipo timachubu timeneti n'tating'ono ngati udzu. Onjezani dzimbiri, poti madzi okhaokha amadya chitsulo. Kunja rediyeta imaoneka bwinobwino, koma chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Mankhwala aja a kulanti, osakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera opanda mchere, anthu amawayesa a kumaiko achisanu okha. Kuno ntchito yake ndi kuletsa dzimbiri ndi kuchedwetsa kuwira. Amatha mphamvu, choncho wamba uja amafunika kusintha pakatha zaka ziwiri, kapena monga likunenera buku la galimotoyo.

Chinthu china chimene anthu amachipeputsa ndi chivindikiro cha rediyeta. Madzi amawira pa madigiri 100 kumalo otsika, ndipo pamalo okwera ngati Dedza amawira pafupifupi pa 95. Chivindikiro chabwino chimapanikiza madziwo kuti asawire mpaka cha m'ma 120. Labala yake ikang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, madzi amawira msanga n'kumathawa pang'onopang'ono. Kachitsulo kokwana m'dzanja, kotsika mtengo, ndiko kamagwetsa injini ya mamiliyoni.

Galimoto ya mphwangayo itayamba kutentha, adapita nayo kwa makaniko wa pansi pa mtengo. Iyeyo adachotsa thermostat n'kuiponya kutchire, ati ku Malawi n'kotentha kale. Ambiri amatero, ndipo amanena motsimikiza. Koma kachipangizo kameneka ndi mlonda wa pakhomo. Injini ikazizira kamatseka njira kuti itenthe msanga, ndipo m'mainjini ambiri kamatsegula madzi akafika cha pa madigiri 82. Mukakachotsa, injini imayenda yozizira m'mawa, imamwa dizilo wambiri ndi kudyeka msanga. M'mainjini ena kamatsekanso njira yachidule, kotero kakachoka madzi amangozungulira momwemo osapita onse ku rediyeta. Mlonda akadwala mumasaka mlonda wina, simugwetsa chitseko. Koma safunsa adadya phula.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Galimoto yotentha imanena yokha pamene pakupweteka, bola kuimvetsera. Ikamatentha pachitunda kapena pamzere wa magalimoto mumzinda, koma n'kumazizira pamsewu wotakasuka, kayikirani fani. Injini itatentha, izimitseni, ndipo mupukuse faniyo ndi dzanja. Ikangozungulira peyupeyu popanda kulimba, kalachi yake yatha. Ikamatentha mukathamanga kapena mukasenza katundu wolemera, rediyeta yatsekeka, mwina mkati, mwina kunja ndi matope, njere za udzu ndi tizilombo ta m'misewu yafumbi. Ikatentha mutangoyenda pang'ono, paipi yam'mwamba kapena yam'munsi ili zii pamene injini ikuotcha, thermostat yakanirira. Mukaona madontho kapena mzere wouma pansi pa pampu ya madzi, kapena mukamva kulira kwachilendo pamenepo, pampuyo ikutsanzika. Fanibeluti yolira ngati mwanapiye m'mawa ndi yolefuka. Paipi yofufuma kapena yofewa ngati nthochi yakupsa isintheni isanaphulike.

Geji nayonso musaikhulupirire ngati m'busa. Imayeza kutentha kwa madzi, ndiye madzi akatheratu muvi ukhoza kutsika pamene injini ikupsa. Hita ikayamba kutulutsa mphepo yozizira injini ili yotentha, dziwani kuti madzi achepa.

Tsiku la mphwanga lidafika pachitunda cha Chikwawa chomwecho. Muvi utakwera adati angomaliza kakona kamodzi. Kuthamanga sikufika. Ataima adatsegula chivindikiro pomwepo, madzi owira n'kumuwaula mkono, kenaka adakhuthulira madzi ozizira m'injini yotentha. Chitsulo chotentha chikakumana ndi madzi ozizira chimapindika kapena kung'aluka. Mawa lake utsi unali woyera, m'rediyeta mukutuluka thovu injini ikamalira, ndipo oyilo anali ngati tiyi wamkaka. Gasiketi idapsa, silinda hedi idang'aluka, moti ngakhale kusikima sikukadathandiza. Galimoto idakhala pamiyala nyengo yonse yogula thonje. Madzi akatayika saoleka.

Akadangoima pomwe muvi udayamba kukwera, nkhani ikadakhala ina. Ukaona choncho umapatuka, umazimitsa zoziziritsa mkati, umayatsa hita kuti ichotseko kutentha. Ngati madzi sakutayika ndipo fanibeluti ilipo, umasiya injini ilire pang'onopang'ono kwa kanthawi. Ngati madzi akukhuthuka kapena lamba waduka, umazimitsa pomwepo. Ukatero umadikira mpaka paipi itazizira koti n'kuigwira, ndiye umatsegula chivindikiro ndi kansalu, nkhope utayang'ana kumbali. Za mazira, ufa ndi sopo zimene ena amathira kuti atseke pobooka, zimakufikitsani kunyumba lero n'kutseka rediyeta yonse mawa.

Mphwangayo tsopano ndiye amalalikira anzake pasiteji. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma ake adagonera ndi ngongole komanso chipsera pamkono. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

Ndiye ana anga a Hilux, Isuzu, Hardbody ndi Ranger, wakutsina khutu ndi mnansi. Mawa m'mawa, injini isanalire, tsegulani boneti. Onani mlingo wa madzi, finyani mapaipi, gwedezani lamba, suzumirani pansi ngati padontha kanthu. Mukapeza kuti mukuwonjezera madzi sabata iliyonse, musakwere nayo chitunda musanapeze kumene akupita.