Mlandu wa Kambalame ka ku Thyolo

M'chaka cha 1927 Mngelezi wina, W. L. Sclater, adapatsa kambalame ka m'nkhalango ya phiri la Thyolo dzina loti choloensis. Nkhalangoyo idagwetsedwa pafupifupi yonse, ndipo kambalameko kadatsalira m'timitengo ta m'maesiteti a tiyi.

Anzanga pakoleji pano amati olakwa ndi anthu a m'midzi amene adaloŵa m'phirimo ndi nkhwangwa. Ine ndikukana. Munthu amene makolo ake adalandidwa malo, nagwira thangata kwa azungu, chimanga akadabzala pati? Njala siidziŵa Chilatini.

Koma chondisautsa n'chakuti mlonda yemwe amathamangitsa amayi otola nkhuni ndi yemwenso wasungira kambalameka mthunzi. Kodi timuyamike? Agogo amene adagwira thangata sangavomere, pamene kambalameko palibe adakafunsapo.