MLENDO PAKHOMO LA MUNTHU WOSAUKA

Liripo funso limene limveka m'misika, pa mabwalo a mafumu ndi pa mizere ya kuchipatala m'Chigwa cha Shire: kodi munthu wosauka ayenera kulandira mlendo kufikira pati? Funsoli silichokera kwa anthu ouma mtima okha ai. Alifunsanso mai amene walawirira ku chipatala napeza mankhwala atatha, pamene pa mzere womwewo panali anthu ooloka kuchokera ku Mozambique.

Anthu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa sadziwa nkhaniyi mwa mphekesera. Kuyambira chaka cha 1986, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, makamu a anthu anaoloka malire, kotero kuti pofika 1992 dziko la Malawi linali kusunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo m'boma la Nsanje alendo anachuluka kupambana eni nthaka. Misasa ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu inakula ngati mizinda. Mitengo inatha chifukwa cha nkhuni ndi milimo, kolera inabuka m'misasa, zitsime zinachepa. Tsono munthu wonena kuti kulandira alendo kulibe cholemetsa, ameneyo sanena zoona.

Ndiponso nkoyenera kubvomera kuti bambo ali ndi udindo woyamba pa ana ake, ndipo boma liri ndi udindo woyamba pa nzika zake. Boma silichimwa pofuna kudziwa amene alowa m'dziko ndi kulemba maina ao. Chipatala cha boma, chimene anthu achicha chaulere, sichaulere konse, pakuti mankhwala ake agulidwa ndi msonkho ndi chithandizo cha maiko ena. Chifukwa chake kuwerengera zimene mlendo adya si tchimo. Tchimo ndi kuwerengera mbali imodzi yokha.

Wowerengera mwachilungamo sadzaiwala zinthu zitatu. Choyamba, malire aja anadula pakati pa abale: Asena ali tsidya lino ndi tsidya lija, ndipo mabanja ambiri a m'chigwachi ndi zidzukulu za anthu amene anathawa chibalo cha Apwitikizi. Chachiwiri, alendo aja sanangodya: analima maganyu, anachita malonda, ndipo zitsime ndi zipatala zina zimene mabungwe anamanga chifukwa cha iwo zinatsalira eni mudzi. Chachitatu, Amalawi naonso ndi alendo kwina. M'zaka za 2008 ndi 2015, ku Johannesburg ndi ku Durban, alendo anapirikitsidwa ndi kumenyedwa, nanenezedwa kuti alanda nchito za eni dziko, mau omwewo amene ena anenera Amozambiki lero; ndipo mu 2015 boma la Malawi linatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Chaona mnzako chapita, mawa chiri kwa iwe.

Apa manyuzipepala ndi mawailesi ali ndi mlandu wao. Ena, mlendo akaba mbuzi, alengeza dziko limene wachokera, koma mwini mudzi akaba angomucha wakuba. Potero mtundu wonse usenza tchimo la munthu mmodzi. Ena atamanda kuchereza kwa Amalawi, osachula mlimi amene munda wake unasanduka msasa. Onsewa apereka theka la choonadi, ndipo theka la choonadi libala chidani kapena chinyengo. Munthu wanzeru, akamva nkhani yotere, ayamba wafunsa chimene sichinanenedwe.

Makolo anati mlendo ndi mame. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, alendo anayamba kubwerera, ndipo pofika 1995 ambiri anali atapita kwao. Koma kumapeto kwa 2024, zipolowe za pambuyo pa chisankho zitabuka ku Mozambique, anthu zikwi zingapo anaolokanso kudza ku Nsanje, ndipo Nyamithuthu inalandiranso alendo. Funso lija silinafe, ndipo lidzabweranso.

Yankho lake ndi ili: katundu wa alendo ngolemera ndithu, ndipo sikoyenera kuti asenzedwe ndi midzi ya m'malire yokha. Dandaulo la eni mudzi liri loona, koma lilunjike kwa amene ali ndi mphamvu yogawa katunduyo, ndiwo mafumu, boma ndi mabungwe osamala othawa nkhondo. Lisagwere mai wothawa amene wabereka mwana wodwala. Mai ameneyo sindiye anatha mankhwala a dziko, ndipo kumbweza pa khomo la chipatala sikudzadzaza nkhokwe ya mankhwala.

Mphunzitsi wa mpingo akakumana ndi Mkristu wodandaula za alendo, asamdzudzule ngati munthu woipa, pakuti mwina wagona ndi njala. Amumvetsere mpaka amalize, ndipo pambuyo pake amthandize kuwerengera mbali imene anaisiya.