Kodi Timapita Kukaona, Kapena Kukacheza?

Masiku ano si chachilendo kuona mabanja a ku Chitawira, Zingwangwa ndi Ndirande akusonkherana ndalama, kubwereka minibasi ndi kulawirira m'mamawa Loweruka kukaona dziko. Ena amalowera ku Mulanje kukafika pa mathithi a Likhubula, pa Dziwe la Nkhalamba. Ena amakwera phiri la Zomba kukasuzumira m'dzenje la Chingwe. Enanso amapitirira mpaka ku Dedza, ku mapanga a Chongoni ndi ku Mua. Zimenezi nzabwino, pakuti mwana wokulira pakati pa mipanda ya njerwa ayenera kudziwa kuti dziko lake silithera pa msika wa Limbe. Komabe tiyenera kudzifunsa: kodi maso amene timaonera mathithi ndi omwewo oyenera kuonera munthu?

Mathithi satiyang'ana. Tingathe kuwaloza chala, kuwajambula ndi kuwafulatira, iwo osamva manyazi. Chimene amafuna kwa ife nchakuti tisawatayire mabotolo ndi mapepala, chifukwa madzi omwewo ndiwo akumwa a anthu okhala kumunsi.

Phanga lili ndi zake zina. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula pa miyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Zofiirazo anajambula Akafula kalekale. Zoyerazo nza makolo a Achewa, ndipo zambiri zikukhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Za dzenje la Chingwe, mbiri ya pakamwa imati kale ankaponyamo anthu. Tsono malo otere si bwalo la masewera. Munthu wolemba dzina lake ndi khala pamwamba pa chojambula cha makolo wafanana ndi wolankhula mofuula pa siwa.

Nanga mudzi? Apa ndiye pali nkhani yaikulu, chifukwa mudzi uli ndi maso. Mayi amene akusinja chimanga pamene ife tikutsika m'galimoto ndi mafoni m'manja sakuchita sewero. Akukonza ufa wa ana ake. Mwina ndi msinkhu wa azakhali athu, pakuti ambiri a ife tinachokera ku midzi yonga yomweyo. Tikamujambula osapempha, ndi kutumiza chithunzi chake kwa anzathu kuti aseke nyumba yake yaudzu, ndiye kuti tamuyesa mwala kapena mtengo. Ife a mu Blantyre tikudziwa kuwawa kwake. M'mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche ndi kukwirira nyumba ku Chilobwe, zithunzi za anansi athu ovutika zinayenda m'mafoni popanda wowafunsa. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Wina angati: "Koma anthuwo amalandira ndalama, ndipo alendo ndiwo akuthandiza kuti miyambo isafe." Mawuwa ali ndi choona chake. Wovina amene watopa ndi fumbi ayenera kulandira cholowa, ndipo mnyamata wotitsogolera m'phiri la Mulanje sitiyenera kumunenerera mtengo ngati tikugula tomato. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni m'chaka cha 1976, miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao yasungidwa ndi kufotokozedwa mwaulemu. Ku Chonde, Alhomwe eni ake ndiwo amaitana anthu kudzaona tchopa ndi zakudya za makolo awo. Kusiyana kwake kuli apa: eni mwambo ndiwo akutsegula chitseko, ndiwonso akunena pamene mlendo ayenera kulekezera. Ndalama zathu zingalipire gule wa tsiku limenelo, koma sizigula munthu, ndiponso sizigula zinsinsi za kudambwe kapena za kutsimba.

Makolo athu anatisiyira kale njira yolowera m'mudzi wa eni. Mlendo amaodira. Amadikira kuti ampatse mpando kapena mphasa, amalonjeredwa, amanena kumene wachokera, ndipo amatsazika pochoka. Potero iye amaona, naonedwanso; amafunsa, nafunsidwanso. Woonerera chabe amatenga chithunzi nkuchoka, osasiya ngakhale dzina. Wocheza amabwerako atadziwa wina, ndipo kumudziko amatsala akumutchula bwino. Paja akulu amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Choncho pokonza ulendo wina, tiyeni tichepetse malo okaona kuti tipeze nthawi yokhala pansi. Tiyambe taonekera kwa amfumu kapena kwa osamala malowo. Tipemphe tisanajambule, ndipo akakana tivomere mosanyinyirika. Tigule dengu kapena mphika pa mtengo wolemekeza manja amene anaupanga. Makamaka tikumbuke kuti ana athu akutiyang'ana. Iwo adzaiwala kutalika kwa mathithi, koma sadzaiwala m'mene bambo ndi mayi awo anaperekera moni kwa nkhalamba yosauka imene anaipeza pakhonde.